"Madzi abwera": liwu limene limatsalira tikamalemberana pa foni

Msuweni wanga amakhala kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga, dera limene madzi a Ruo akakwiya salisiya. Usiku wina wa dzinja ananditumizira uthenga wa mawu awiri okha: "Madzi abwera." Ine ndinali ku Nchalo. Ndinauwerenga katatu, kenaka ndinaimba, koma foni yake sinalowe. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Tulo tinathera pomwepo. Kodi madzi afika kale, alowa m'nyumba, ana akwera pachulu? Kapena akundiuza kuti mmene mvula ikukhuthukira kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, madzi atsika ndithu mawa kapena mkuja, ndiye tikonzeke? Netiweki inabwerera dzuwa litakwera, ndipo nditangomva liwu lake ndinadziwa kuti ankanena za kutsogolo. Anali atayamba kusamutsa mbuzi ndi matumba a mapira kupita kumtunda.

Msuweni wangayo sanalakwitse Chichewa ngakhale pang'ono. Tchulani nokha mawu awiriwo. Mukakweza liwu pa "a" woyamba wa "abwera", mwanena kuti madzi ali m'njira. Mukalitsitsa, mwanena kuti afika kale. Khutu la mwana wa zaka zinayi limasiyanitsa ziwirizi mosavuta, koma pa galasi la foni zimaoneka chimodzimodzi. Chichewa ndi chiyankhulo chimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo. Mtengo wa nsomba pa msika wa Bangula ndi mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba zimalembedwa mofanana koma sizimveka mofanana. "Ndimalima thonje" angakhale mawu a munthu amene amalima chaka ndi chaka, angakhalenso a munthu amene akukufotokozerani chifukwa chake munamusowa pakhomo m'mawa uja. Malamulo a kalembedwe amene tinaphunzira kusukulu sanaike zizindikiro zoonetsa zimenezi, ndipo panali nzeru pamenepo, chifukwa m'buku kapena m'nyuzipepala ziganizo zoyandikana zimakuuza chimene wolemba akutanthauza. Koma uthenga wa pa foni ulibe anansi. Umabwera wokha, waufupi, ndipo nthawi zambiri umakupeza mtima uli kale m'mwamba.

Kumvana molakwika pa zolemba si vuto lathu tokha. Mu 2005 akatswiri ofufuza za maganizo a anthu ku America, pakati pawo Justin Kruger ndi Nicholas Epley, anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anauza anthu kuti atumizirane ziganizo, zina zonena zenizeni, zina zonyodola. Ena anatumiza pa imelo, ena ndi mawu apakamwa. Olemba maimelo ankakhulupirira kuti anzawo awamva bwino pafupifupi kanayi pa kasanu kalikonse, koma owerengawo ankalondola kungopitirira theka pang'ono, osasiyana kwenikweni ndi munthu wongolota. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ukamalemba, liwu lako umalimva m'mutu mwako, ndiye umaganiza kuti lalowa nawo mu uthengawo. Sililowa. Wowerenga amaikapo liwu lake, la mmene wadzukira tsiku limenelo. Tsono anthu a m'kafukufukuyo ankalemba Chingerezi, mmene liwu likatsalira chimatayika ndi mtima wa wonena. Ife timataya mtimawo, nthawi zina n'kutayanso nthawi ya mneni, osadziwa ngati chinthu chachitika kale kapena chichitika.

Makolo athu ankalidziwa vutoli pamene ankalemberana makalata ndi abale awo a ku Joni kapena ku Salisbury (Harare wa lero). Kalata sinkayamba ndi nkhani. Inkayamba ndi "Okondedwa bambo ndi mayi", n'kufunsa za moyo wa aliyense mpaka ana, n'kunena kuti "ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko", ndipo cholinga chinkabwera pakati, mapeto ake "ndatha ine mwana wanu". Mizere imeneyo sinali yongodzazira pepala. Inkaimira kugwada, kuvula chipewa, kuomba m'manja pofika pakhomo, zonse zimene thupi likanachita munthu akanabwera yekha.

Chimene chinadula mizere imeneyo ndi malire a zilembo ndi mtengo wa mayunitsi. SMS yoyamba padziko lonse inatumizidwa ku Britain pa 3 December 1992, pamene injiniya wina dzina lake Neil Papworth analembera mkulu wina wa kampani ya Vodafone mawu omufunira Khirisimasi yabwino. Okonza njira imeneyi anaika malire a zilembo 160 pa uthenga umodzi, kuwerengera ndi mipata yomwe. Ukapyola, walipira kawiri. Pali china chimene ambiri sachidziwa mpaka lero: chilembo cha ŵ, chija cha m'dzina la dziko lathu, sichili pa mndandanda wa zilembo zimene SMS wamba imanyamula. Mukachiika, kapena mukaika kankhope kamodzi kokha komwetulira, malire amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70, ndipo uthenga umodzi umasanduka awiri kapena atatu.

Onjezani apo kafoni ka mabatani, kamene kuno kumudzi kadakali mfumu chifukwa batire lake limagona masiku. Kuti mulembe "zikomo" pa kafoni koteroko mumadina maulendo 16: z yekha kanayi, i katatu, k kawiri, ndiye o, m ndi o onse ali pa batani la 6, mpaka kudikira kuti chilembo chikhazikike musanadinenso. Mukalemba "zkm" mwadina kasanu ndi kawiri basi. Munthu amene anayamba kulemba "zkm", "bwnj", "ndlm", "mun2", "zin2" ndi "an2" sanali waulesi ayi, ankasunga ndalama ndi chala. Ndipo Chichewa chimalola kudulidwa kotere, chifukwa malembo a liwu ndi asanu okha ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi limodzi mwa iwo, choncho maso amawabwezeretsa okha. Ine sindili m'gulu la amene amati achinyamata akuwononga chiyankhulo. Mwana amene walemba "mun2" wamva bwino kuti mapeto a mawuwo akumveka ngati nambala ya Chingerezi, ndipo wasewera ndi ziyankhulo ziwiri nthawi imodzi. Imeneyo ndi nzeru.

Koma maso sabwezeretsa molondola nthawi zonse. "Bwn" ndi bwino kapena bwana? "Mtnd" ndi matenda kapena mtunda? Mulandire uthenga wochokera kumudzi woti "bwerani kuli nkhani ya mlr". Kuno madzi akasefukira amafafaniza malire a madimba, ndipo akaphwa milandu imachuluka kwa anyakwawa, ndiye "mlr" angakhale malire. Angakhalenso maliro. Munthu amakwera njinga ya kabaza kuchoka ku Ngabu misozi ili m'maso, kukapeza anthu akukangana za mzere wa nthochi.

Chilembo chimodzi cha k chasenza katundu woposa msinkhu wake. Chikakhala patsogolo pa nambala ndi kwacha: K50. Chikakhala pambuyo ndi masauzande: 50k. Chikakhala chokha ndi kuvomera, koma kuvomera kouma, kumene ambiri amakumva ngati munthu wakutembenukira msana. Chikachuluka, "kkkkk", ndi kuseka. Pa nkhani ya Airtel Money kapena Mpamba, pamene wina akutumiza ndalama ya mbewu kapena ya sukulu, kusiyana kwa K50 ndi 50k si kwamasewera. Ndalama ilembedwe yonse, ndi maziro ake onse, ngakhale chala chitope.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si malembo a liwu amene timachotsa, koma timawu ting'onoting'ono timene timayamba kudulidwa munthu akamafupikitsa. Timawu timeneti ndi timene Chichewa chinatipatsa kuti tibwezeretse liwu pa pepala. Taonani mneni mmodzi yekha. "Bwera" ndi lamulo kwa mwana kapena mnzako wa ubwana. "Bwerani" walemekeza. "Tabwerani" wafulumizitsa koma mwachibale. "Bweranitu" wachenjeza kuti musazengereze. "Mubwereko" wapempha. "Chonde mubwereko" wagwada. "Mukapeza mpata mubwereko" wamusiyira mwini ufulu wonse. Nkhani ndi imodzi, koma nkhope zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe kachithunzi kamene kaikidwapo. "Tumizani ndalama" ndi "mundithandizeko ndi kangachepe" zimapempha chinthu chomwecho, koma malume amene ali ku Blantyre adzayankha chimodzi mokondwa, chinacho adzachiwerenga n'kuika foni m'thumba. "Kodi" amabweza funso pamene mfunsiro waiwalika: "mwadya" angamveke ngati mlandu, "kodi mwadya" ndi chisamaliro. "Eti" amapempha kuti tigwirizane. "Paja" amakumbutsa mopanda kukalipa. "Kaya" amasiya khomo lotsegula. "Ndithu" amatsimikiza, "pepani" amafewetsa ngakhale nkhani yowawa. Ndipo pa uthenga wa msuweni wanga uja, mawu amodzi okha akanandigonetsa tulo: "madzi afika kale" kapena "madzi akubwera".

Mwa timawu tonseti, kamene sikayenera kudulidwa ndi "ni" wa ulemu. Zilembo ziwiri zokha ndi zimene zimasiyanitsa kulankhula ndi apongozi ndi kulankhula ndi mphwako. Ukalemba "bwr mawa", wabisa ngati wanena "bwera" kapena "bwerani", ndipo wamkulu akaona chokayikitsa amatenga choipacho. Tisaiwalenso kuti kuno uthenga suwerengedwa ndi mwini wake yekha. Foni imodzi imatumikira khomo lonse. Agogo amene maso anafooka, kapena amene sukulu sanapite nayo patali, amaitana mdzukulu kuti awawerengere, nthawi zina pakhonde pali alendo. Mdzukuluyo amatchula zimene waona. Ngati munalemba "k", adzatchula "k", ndipo agogo adzafunsa kuti, "Wangotero basi?" Ngati munalemba mwachidule chosamveka, adzalota n'kuonjezera zake, ndipo akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chigwa chathu chilinso ndi ziyankhulo zolukanalukana. Munthu wa ku Nsanje akalandira thandizo amalemba kuti "takhuta", kumene m'Chisena ndi kuthokoza kochokera pansi pa mtima. Mlamu wake wa ku Lilongwe amene sanakhaleko kuno angawerenge kuti anthuwa akuti zawakwana, asatumizenso. Pamaso m'pamaso, manja oombedwa ndi mutu woweramitsidwa zikanamasulira. Pa foni palibe womasulira.

Za mpumiro ndi zilembo zikuluzikulu ndinene mwachidule. Ofufuza a pa yunivesite ya Binghamton ku America, motsogozedwa ndi Celia Klin, anapeza mu 2015 kuti ophunzira ankaona yankho lalifupi la pa foni lothera ndi mpumiro ngati losachokera mumtima, pamene mawu omwewo olembedwa pamanja papepala sankawakayikira. Achinyamata athu nawonso "Chabwino." wa kadontho amamumva ngati munthu wakwiya, pamene mphunzitsi wopuma ntchito amene waika kadonthoko akungotsata zimene anaphunzitsa zaka makumi atatu. Chimodzimodzi zilembo zikuluzikulu. Malangizo a khalidwe la pa intaneti amene anasindikizidwa mu 1995 ananena kale kuti kulemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha kumaoneka ngati kukuwa. Koma bambo anu akalemba "MULI BWANJI KUMENEKO", kawirikawiri sakukalipa. Zilembo zazikulu ndi zimene maso awo akuona, kapena foni inakakamira pamenepo ndipo palibe anawasonyeza pobwezera.

Tinkhope timene tadzaza m'mafoni tinabadwa chifukwa cha vuto lomweli. Pa 19 September 1982, Scott Fahlman wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America anaona kuti nthabwala ina imene anzake analemba pa makompyuta a pasukulupo ena anaitenga ngati chenjezo lenileni la ngozi. Iye anapereka ganizo loti nthabwala izitsatiridwa ndi :-) ndipo nkhani yosaseketsa ndi :-( kuti wowerenga akapendeketsa mutu aone nkhope. Tizithunzi tenitenito tinatchuka kuchokera ku Japan, kumene mu 1999 Shigetaka Kurita anajambula tokwana 176 pogwira ntchito ku kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo. Dzina loti emoji ndi la Chijapani, kuphatikiza mawu otanthauza chithunzi ndi otanthauza chilembo. Mu 2010 tinalowetsedwa mu Unicode, mndandanda wa zilembo umene makompyuta ndi mafoni a padziko lonse amagwirizana, ndipo pofika 2015 a mtanthauziramawu wa Oxford anasankha 😂 kukhala mawu a chaka.

Kankhope kameneko ndi kamene kavulaza anthu ambiri m'magulu a WhatsApp a mabanja ndi a mipingo. Kali ndi misozi iwiri, ndipo pa galasi laling'ono, long'aluka, padzuwa la ku Chikwawa, munthu amene sanauzidwe amaona kulira. Amakaika pansi pa uthenga wa maliro ndi mtima wachisoni weniweni, koma achinyamata a m'gululo amaona munthu akuseka mpaka kugwetsa misozi. Amene amadziwa ayenera kumuuza pambali mwaulemu, osati kumujambula n'kumufalitsa. Palinso 🙏, kamene wina amati ndi pemphero, wina zikomo, wina chonde. Ndipo Unicode imangonena dzina la kachithunzi, kajambulidwe kake kampani iliyonse imapanga kake, choncho nkhope imene mwatumiza pa Samsung singafanane ndendende ndi imene yaoneka pa iPhone. Ikafika pa kafoni ka mabatani imasanduka kabokosi kopanda kanthu. Ngati nthabwala yanu yonse inatsamira pa kankhope, kwa wolandirayo kwafika chipongwe chokha ndi kabokosi.

Apa pakufunika kusamala ndi chisuweni. Asuweni amanyozana, agogo amatcha mdzukulu wawo "mwamuna wanga", ndipo aliyense pamudzi amadziwa kuti ndi macheza. Mawu omwewo akalembedwa m'gulu la anthu makumi asanu, kapena wina akawajambula n'kutumiza kwina, amafika opanda ubale umene unkawaphimba. "Kkkk" wa kumapeto sakwanira kuwateteza.

Za maliro ndili ndi maganizo olimba, ndipo sindibisa. Mwambo wathu sunkaponya uthenga wa imfa ngati mwala. Ankatuma munthu, ndipo wotumidwayo akafika ankakhala pansi, kulonjerana kaye, n'kuyamba ndi "matenda aja akula" kuti mtima wa womvera ukonzeke. Lero mwana wamasiye amadziwira pa Facebook, poona chithunzi cha mayi ake ndi zilembo zitatu, RIP, zoikidwa ndi munthu amene si wa m'banjamo. Kenaka pansi pake pamandandalika "MHSRIP", chidule cha Chingerezi chimene ambiri ochilemba sangachimasule chonse. Sindikukayika kuti olembawo ali ndi chisoni. Koma woferedwa akadzakhala pansi patapita sabata kuwerenga mauthenga, amene adzamugwire mtima ndi uja wakuti, "Pepani achemwali, tamva zovutazi, mayi anatilera tonse, tikubwera Lachinayi." Pamaliro munthu safupikitsa kulira, ndipo sindiona chifukwa chofupikitsira chipepeso. Ndipo achibale enieni asanauzidwe ndi pakamwa, chithunzi chidikire.

Chala chachikulu chija, 👍, chili ndi nkhani yake imene alimi a thonje, chitowe ndi nandolo ayenera kuimva. Ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, wogula mbewu anatumizira mlimi wina chithunzi cha mgwirizano pa foni mu 2021, n'kumupempha kuti atsimikize. Mlimiyo anayankha ndi chala chokwezacho basi. Nthawi yopereka mbewu itakwana mitengo inali itakwera, ndipo iye sanapereke. Kukhoti ananena kuti chalacho chinkangotanthauza kuti uthenga waulandira. Mu 2023 woweruza anagamula kuti chinali kuvomera mgwirizano, poona kuti m'mbuyomo anthu awiriwa ankamanga malonda ndi timayankho tatifupi totero, ndipo analamula mlimiyo kulipira ndalama zoposa madola a ku Canada 82,000. Limenelo ndi khoti la kwina, koma kuno nakonso tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limazindikira mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta, komanso limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera m'njira zimenezi. Venda akakulemberani mtengo wa thumba, inu n'kukweza chala, mwati "ndamva" kapena mwati "ndavomera"? Lembani mawuwo: "Ndaona, ndikuyankhani mawa," kapena "Ndavomera pa mtengo umenewo."

Imelo ndi nyumba ina, ya malamulo ake. Inayamba kale kuposa SMS, mu 1971, pamene Ray Tomlinson anasankha chizindikiro cha @ kuti chilekanitse dzina la munthu ndi la kompyuta. Kuno ambiri timakumana nayo pofunsira ntchito, kaya ku kampani ya shuga, ku khonsolo, kapena ku mabungwe amene amabwera ndi thandizo madzi akasefukira. Vuto ndi loti timailemba pa foni yomweyo imene timachezera ndi anzathu, chala chomwecho, ndiye chizolowezi chimawoloka nawo. Mnyamata wa satifiketi yabwino amatumiza imelo yopanda mutu, yopanda moni, m'kati muli "pliz find my cv" basi. Wolandirayo ali ndi maimelo mazana, samudziwa, ndipo mzere umodziwo ndiye nkhope yonse imene waiona. Imelo ndi mdzukulu wa kalata ija ya makolo: mutu wonena nkhani, moni, dzina lako ndi kumene uli, chimene ukufuna, kuthokoza. Chidule ndi tinkhope zidikire mpaka mutadziwana, ndipo ayambe ndi wamkuluyo.

Mbali inayo nayonso ili ndi udindo. Bwana akayankha lipoti la masamba asanu ndi liwu limodzi loti "Noted", wantchito wa kumudzi amene anayenda pa njinga tsiku lonse kusonkhanitsa mayina amagona akudzifunsa chimene walakwa. Ndinagwirapo ntchito pansi pa mkulu wina amene ankadzudzula munthu pa imelo ataika anthu ena khumi pa CC, kuti nawonso aiwerenge. Mwina kwa iye kunali kungodziwitsa onse. Kwa wodzudzulidwayo kunali kukalipiridwa pabwalo, ndipo chilonda chake chinkatenga miyezi. Chidzudzulo chipite kwa mwini yekha, ndipo ngati n'kotheka chipite ndi liwu.

Kukhala chete nakonso kumawerengedwa. Kuyambira mu 2014, pamene WhatsApp inabweretsa timizere tiwiri tabuluu tosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, anthu akhala akuweruzana pa mphindi. Koma m'chigwa muno kusayankha kuli ndi zifukwa zambiri zimene wa mutauni saziganiza. Foni ili kotchajitsa pa sitolo, ndipo amene watsegula ndi mwana wotumidwa kukaitenga. Mwini ali m'munda wa mzimbe kapena ali m'bwato pa dambo. Bandulo yatha atangowerenga. Mu January 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndiponso mu March 2023 nthawi ya Freddy, anthu anakhala masiku mafoni ali ozima. Izi zikutanthauzanso kuti "lero" ndi "mawa" ndi mawu osadalirika pa uthenga. "Tikumane mawa" wolembedwa Lolemba angawerengedwe Lachitatu. Tchulani tsiku ndi dzina lake.

Ena adzati mankhwala a zonsezi alipo kale: VN, uthenga wojambula mawu. N'zoona kuti wathandiza kwambiri. Liwu limabwerera, "abwera" amamveka bwino ngati ndi wa kale kapena wa kutsogolo, agogo amadzimvera okha popanda mdzukulu, ndipo Chisena ndi Chimang'anja zimayenda momasuka popanda foni kukonza mawu kuti akhale Achingerezi. Koma VN imadya bandulo, netiweki ikafooka imangozungulira osatsika, safika pa kafoni ka mabatani, ndipo sungaimvere m'minibasi ngati nkhani ndi ya m'nyumba. Nambala ya akaunti kapena mlingo wa mankhwala a thonje ukanenedwa pakamwa, wina ayenera kubwereza katatu kuti alembe. Usiku wa madzi osefukira, pamene netiweki yatsala kamzere kamodzi, chimene chimadutsa ndi SMS ya zilembo 160 ija.

Dzinja lotsatira msuweni wanga analembanso, nthawi ngati yomweyo ya usiku. Ndinausunga uthengawo. Unati: "Asuweni, Lachiwiri 9 koloko usiku. Madzi afika kale kudimba koma kunyumba sanafike. Tonse tili bwino, tagona kusukulu. Musadandauletu, ndiimba kukacha." Ndinawerenga kamodzi kokha, ndinauza mayi kuti ana ali kumtunda, ndipo tinazimitsa nyali.